Nkhata ya pachitseko ya nyengo ya autumn: mafunso ndi mayankho

Ku Britain, ku Ireland, ku Germany, ku Canada ndi ku America, mwezi wa Seputembala ukafika pazitseko zambiri pamayamba kuoneka nkhata za masamba ofiira, ngala za tirigu ndi tizipatso tam'tchire. Zambiri zogulitsa m'sitolo ndi zapulasitiki, koma nkhata yeniyeni mungathe kuipanga nokha ndi zinthu zotola. Mayankho ali m'munsiwa akunena makamaka za zomera za ku Britain, ndipo chakumapeto tafotokoza mmene ntchito yomweyi ingagwiridwire ndi zomera zakwathu.

Kodi nthawi yabwino yoipanga ndi iti?

Autumn ndi nyengo ya pakati pa chilimwe ndi chisanu m'maiko ozizira a kumpoto, kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Imafanana ndi masika kwathu chifukwa ndi pamene anthu amatuta, koma kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mitengo yambiri imasintha mtundu wa masamba kenako n'kuyoyola onse. Nthawi yabwino yomanga nkhata ndi kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka pakati pa Okutobala. Kutola kumayamba kale: tirigu, balere ndi udzu wa ngala muzidula mu Ogasiti, nthambi zoti muziike mu glycerin, madzi onata osungira masamba kuti akhale ofewa, kumayambiriro kwa Seputembala. Mukadikira mpaka Novembala mupeza masamba anyowa ndi mvula, ayamba kuwola pansi, ndipo zipatso zambiri mbalame zadya.

Kwathu nkhata ya maluwa timaiona pamanda. Kuipachika pakhomo si kuitana maliro?

Funsoli ndi lomveka, ndipo mlendo wochokera kumudzi akhoza kudzidzimuka akaiona. Ku Ulaya nkhata ili ndi ntchito zingapo. Ilipo ya pamaliro, ilipo ya maluwa ofiira a poppy yoikidwa pa zipilala zokumbukira asilikali mu Novembala, ilipo ya Khirisimasi, ndiye iyi ya nthawi yokolola. Ya pachitseko tanthauzo lake ndi kulandira alendo ndi kusangalalira zokolola, basi. Amene mtima sukumupatsa kuipachika kunja akhoza kuigoneka patebulo n'kuika mbale ya zipatso pakati pake, kapena kukongoletsa mbali imodzi yokha ya mkombero kuti isafanane ndi ya pamanda, imene nthawi zambiri imadzaza maluwa mbali zonse.

Ndikufunika zida zanji?

Zochepa. Lumo lodulira nthambi lakuthwa, pulayala yodulira waya, magolovesi okhuthala chifukwa cha minga, ndi nyuzipepala zakale zoyala patebulo. Waya ndi wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wopyapyala wa pa reel, wokhuthala pafupifupi mamilimita 0.56, womangira timitolo. Mamita 10 akwanira nkhata imodzi ndi kutsala. Wachiwiri ndi wodulidwa kale m'tizidutswa towongoka, wa mamilimita 0.9, womangira zinthu zolemera. Onse amapezeka kwa ogulitsa maluwa ndi m'ma garden centre.

Ngati mukufuna kuti nkhata yonse idzawole pa kompositi, gwiritsani ntchito chingwe cha jute m'malo mwa waya. Dziwani kuti chingwe chimafunika kukokedwa kwambiri kuposa waya. Musadule waya ndi lumo la nthambi, libuntha tsiku lomwelo.

Mkombero ndigule kapena ndipange?

Wogula wachitsulo ulipo wa masentimita 25, 30 ndi 35. Woyamba kumene atenge wa 30, chifukwa ukavekedwa masamba umafika pa 45 kapena 50, umene ndi mulingo wokwanira pa chitseko cha nyumba wamba. Wa 35 umadya zipangizo zambiri kuposa mmene munthu amaganizira.

Koma wopanga nokha ndiye wabwino, chifukwa timipata ta pakati pa nthambi timagwira mapesi ndipo ngakhale utaonekera pena sunyansa. Mtengo woyenera kudulako nthambi ndi willow. Dulani nthambi 6 mpaka 8 zowongoka, zotalika mita imodzi ndi theka, zonenepa ngati pensulo. Dogwood wa makungwa ofiira, mphukira za hazel, nthambi zopyapyala za birch ndi mpesa wa mphesa zimagwiranso ntchito.

Chotsani masamba. Musanapinde, ifewetseni nthambi poidutsitsa pabondo kapena pakati pa zala zazikulu pang'onopang'ono kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Anthu ambiri amalumpha zimenezi, n'chifukwa chake nthambi imathyoka kapena kuchita kona m'malo mozungulira bwino. Tengani yaitali kuposa zonse, ipindeni ngati mukumanga mfundo yaikulu, ndipo nsonga yotsalayo muikulunge mozungulira mkomberowo. Yachiwiri lowetsani tsinde lake patali pang'ono ndi pamene panayambira yoyamba, n'kuikulunga kulowera mbali yomweyo. Nthambi iliyonse iyambire pamalo pake. Matsinde onse akaunjikana pamodzi, mbali imeneyo imalimba pamene inayo ili yofooka, ndipo mkombero umatuluka ngati dzira. Pofika nthambi yachinayi umakhala wayamba kudzigwira wokha. Ukakhota, ugonekeni pansi n'kuukankha ndi manja mpaka uzungulire, kenako dulani matsinde otuluka.

Nthambi zongodulidwa kumene zimapindika mosavuta koma zimachepa zikamauma. Ngati nthawi ilipo, pangani mkombero sabata imodzi kapena ziwiri musanauveke. Willow wouma wogula, wokhala ndi makungwa ake, ayenera kuviikidwa m'madzi ozizira: oluka madengu amawerengera tsiku limodzi pa masentimita 30 alionse a kutalika kwake, ndiye nthambi ya mita imodzi ndi theka imafuna masiku 5.

Ndi zomera ziti zimakhalitsa, ndipo ndi ziti zimakhumudwitsa?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nkhata ilibe madzi. Chilichonse chimene mwamangapo chiyenera kukhala chouma kale, kapena chotha kuuma chili pomwepo osasintha maonekedwe. Musasankhe potengera kukongola kwa lero. Dzifunseni kuti chinthucho chidzaoneka bwanji pakatha milungu itatu.

Zodalirika pa masamba ndi beech, oak, eucalyptus amene kwathu timati bulugamu, bay, ivy ndi bracken wouma wofiirira. Pa ngala ndi njere pali tirigu, balere, oats, mitu ya poppy, nigella, teasel waminga, honesty wa timakoko toyera towala, ndi ubweya wa old man's beard umene umayanga m'mipanda ya m'mbali mwa misewu. Pa maluwa tengani hydrangea, statice, strawflower, heather ndi Chinese lantern wa tinyali ta mtundu wa lalanje. Pa zipatso, rosehip, kachipatso ka duwa la rozi, ndiye mfumu: ndi wolimba ndipo amakhala wofiira milungu yambiri, akakwinyika amaonekabe bwino. Pyracantha, cotoneaster ndi hawthorn zimatsatira. Onjezerani ma cone, zipatso zouma zamamba zija, a paini, a larch ndi a alder.

Zokhumudwitsa ndi blackberry ndi elderberry, zimene zimaphulika n'kudetsa chitseko, dahlia ndi maluwa ena amadzi ambiri, amene amafota tsiku lachiwiri, bowa, ndi masamba a maple, cherry ndi Virginia creeper, omwe ndi okongola kuposa onse koma amapiringizika n'kuphwanyika pasanathe sabata. Timaungu tating'ono timalemera ndipo timawola pamene mwaboola.

N'chifukwa chiyani masamba ofiira bwino aja amayoyoka ndikangowamanga?

Mtengo ukamakonzekera chisanu umabweza zakudya kuchokera m'masamba, mtundu wobiriwira n'kutha, wachikasu ndi wofiira n'kuonekera. Nthawi yomweyo pamene tsamba lalumikizana ndi nthambi pamapangika kamzere kofooka kotseka njira ya madzi. Tsamba likafika pofiira kwambiri ndiye kuti kamzereko kakhwima kale, langotsala pang'ono kugwa. Palibe mankhwala obweza zimenezi. Beech ndi oak, makamaka mitengo yaing'ono ndi ya m'mipanda, sizimalizitsa kamzereko, n'chifukwa chake zimasunga masamba ake ouma mpaka chisanu chonse. Opanga nkhata amazikonda pa chifukwa chimenechi.

Njira yosungira masamba kuti akhale ofewa ndi glycerin, amene amagulitsidwa ku famase ndiponso m'sitolo pa mashelefu a zophikira makeke. Sakanizani gawo limodzi la glycerin ndi magawo awiri a madzi otentha, takasani bwino, dikirani afunde. Dulani nthambi masamba akadali obiriwira kapena atangoyamba kusintha, ng'ambani tsinde masentimita 3, n'kuliimika m'botolo lokhala ndi madziwo akuya masentimita 8 mpaka 10. Ikani pamthunzi, muziwonjezera madzi akamatsika. Beech amatenga milungu iwiri kapena itatu. Mudziwa kuti zatheka masamba onse mpaka akunsonga akasanduka a bulawuni wowala ndipo akamveka ngati chikopa chofewa. Mukawasiya nthawi yopitirira, timadontho tonata timatuluka pamasamba ndipo timakoka fumbi ndi chuku.

Nthambi imene masamba ake afiira kale siyamwa chilichonse. Pamenepo thotholani masambawo limodzilimodzi, amizeni onse m'mbale ya madzi a glycerin omwewo, tsinjikani ndi mbale ina, asiyeni masiku 3 mpaka 5, n'kuwapukuta. Mtundu umazilala pang'ono, achikasu amasunga bwino kuposa ofiira.

Kodi ndikhoza kutola paliponse?

Ayi. Ku England ndi Wales lamulo la Theft Act la 1968 limati kuthyola maluwa, zipatso, masamba kapena bowa zomera zokha kutchire si kuba, pokhapokha ngati mukuthyolera malonda. Choncho wofuna kugulitsa nkhata ayenera kupempha chilolezo kwa mwini malo. Lamulo lina, Wildlife and Countryside Act la 1981, limaletsa kuzula chomera chilichonse cham'tchire popanda chilolezo cha mwini malo, ndipo pali zomera zosowa zimene ngakhale kuzithyola n'kulakwa. Zobzalidwa m'munda mwa munthu, m'paki kapena m'munda wa tirigu si zam'tchire. Mapaki ndi malo otetezedwa ambiri ali ndi malamulo awoawo, werengani chikwangwani pachipata.

Kupatula malamulo pali ulemu. Zipatso za hawthorn ndi rosehip ndi chakudya cha mbalame m'chisanu, ndipo maluwa a ivy ndi amene njuchi zimadalira kumapeto kwa chaka. Dulani pang'ono pa chitsamba chilichonse, osati kupulula chimodzi. Mphepo yamkuntho ikawomba, m'mawa mwake pansi pamakhala nthambi ndi ma cone ochuluka osafuna kudula. Anansi amene akusadza mpanda wawo nthawi zambiri amakondwa wina akatenga zodulazo.

Pali zoopsa zoti ndipewe?

Zilipo, makamaka m'nyumba mwa ana aang'ono ndi agalu, chifukwa zipatso zimagwa pansi zikamauma. Yew ali ndi poizoni woopsa m'masamba ndi m'njere. Spindle wa tizipatso tapinki, black bryony ndi woody nightshade za tizipatso tofiira mokopa, zonsezi ndi zapoizoni. Zipatso za holly ndi ivy zimadwalitsa m'mimba, ndipo ma conker (njere za mtengo wa horse chestnut) ndi ma acorn (njere za oak) amavulaza agalu akawameza. Chipatso chimene simukuchidziwa dzina chisiyeni.

Musadule mitu youma yonga maambulera m'mbali mwa mitsinje ngati simukuidziwa bwino: hemlock ndi wakupha, ndipo utomoni wa giant hogweed umawotcha khungu likakumana ndi dzuwa. Mu bracken mumakhala nkhupakupa zimene zimafalitsa matenda a Lyme, ndiye valani thalauza ndi masokosi, mukabwerako mudziyang'ane thupi lonse. Ku London ndi madera ozungulira, mitengo ina ya oak imakhala ndi zisa zoyera zonga ukonde za mbozi za oak processionary moth. Ubweya wake umayabwa koopsa ngakhale mbozizo zitachoka, musayandikire.

Zotolazo ndizikonze bwanji ndisanamange?

Tolani masana kutauma, osati m'mawa mame ali mbuu. Mukafika kunyumba yalani zonse panyuzipepala pakhonde kapena m'galaja usiku umodzi kuti akangaude ndi tizilombo tina tichoke.

Ma cone otola pansi amakhala otsekeka chifukwa cha chinyezi. Akutumuleni dothi, ayaleni pa thireyi yoyalidwa pepala lophikira, aikeni mu uvuni pa madigiri 90 mpaka 100 kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi, osachokapo. Atseguka, utomoni uuma ndipo tizilombo tifa. Kumbukirani kuti cone ikanyowanso panja imatsekeka, ikauma n'kutsegukanso, ndiye waya wake uzikhala wolowa mkati mwenimweni.

Malalanje aduleni mopingasa, mamilimita 5 kukhuthala, finyani madzi ndi nsalu, aumitseni pa madigiri 80 mpaka 90 kwa maola atatu kapena kupitirira, mukuwatembenuza theka la ola lililonse. Moto ukachuluka amada, akakhuthala amaoneka ouma kunja pamene mkati muli madzi, ndipo amenewa ndi amene amayambitsa chuku.

Hydrangea musamudule ali mwana. Dikirani mpaka maluwa ayambe kumveka ngati pepala mukawakhudza ndipo mtundu wayamba kutembenukira kobiriwira kapena kofiirira. Chotsani masamba, muimikeni m'botolo la madzi a masentimita 3 okha, musawonjezere. Madziwo akamatha duwa limauma pang'onopang'ono osakwinyika, pafupifupi milungu iwiri. Ngala ndi udzu mangani timitolo n'kupachika chozondotsa pamalo amdima podutsa mphepo.

Nthambi zaziwisi monga ivy ndi bulugamu ziimikeni m'ndowa ya madzi usiku wonse musanazigwiritse ntchito. Zikamwa mokwanira zimauma mochedwa ndipo sizipiringizika.

Tsopano kamangidwe kake ndi kotani?

Mkombero wa masentimita 30 kuuzungulira ndi pafupifupi masentimita 94. Mukamaika kamtolo pa masentimita 5 alionse mufunika timitolo 18 mpaka 20. Kamtolo kalikonse kakhale ndi tinthambi 4 kapena 5 totalika masentimita 12 mpaka 15, ndiye zonse pamodzi ndi tinthambi pafupifupi 90. Dulani zonse musanayambe kumanga, ndipo theka la zimenezi likhale masamba wamba odzazira. Kulakwitsa kofala ndi kuika zokongola zonse m'timitolo toyamba, pofika kumapeto n'kutsala ndi masamba okhaokha. Yalani timitolo tonse patebulo mozungulira kuti muone ngati mitundu yagawika bwino.

M'kamtolo, tsamba lalitali ndi lophwatalala likhale pansi, ngala pakati, chipatso kapena duwa pamwamba ndipo likhale lalifupi. Pululani masamba a kutsinde masentimita 3 kuti waya agwire mapesi okha. Waya akagwira masamba, masambawo amaphwanyika akauma ndipo kamtolo kamatsala kolendewera.

Yambani ndi kupanga kogwirira kopachikira: pindani waya wokhuthala kawiri, mupote kuseri kwa mkombero, mangirirani kansalu kowala kuti musadzakasowe masamba akadzaza. Kenako mangani nsonga ya waya wa pa reel pa mkombero, ndipo musaudulenso mpaka mutamaliza.

Gonekani kamtolo koyamba pamwamba pa mkombero motsata kuzungulira kwake. Kagwireni ndi dzanja lamanzere, ndi lamanja zungulizani waya katatu pa mapesi ndi mkombero pamodzi, kuchokera mkati kupita kunja, mukukoka mwamphamvu ulendo uliwonse. Kachiwiri kagonekeni kuti mutu wake ubise mapesi ndi waya wa koyamba, monga mmene udzu wofolera umabisirana padenga. Tonse tiloze mbali imodzi. Kamodzi kapendekere pang'ono kunja, kotsatira pang'ono mkati, kuti m'mphepete monse mudzaze. Mukamangoika pakati, nkhata imaoneka yowonda ikayang'anidwa cham'mbali. Totalikirapo tizipita kunja, tatifupi mkati, apo ayi bowo lapakati litsekeka ndipo chituluke ndi chitsamba, osati nkhata.

Mukamanga timitolo tinayi kapena tisanu, iimikeni nkhatayo pakhoma, bwererani m'mbuyo mapazi atatu, muione. Zolakwika zimaoneka patali, osati mutaweramira patebulo.

Pofika pomaliza, tukulani mutu wa kamtolo koyamba kaja, lowetsani mapesi a komaliza pansi pake, mangani, n'kubwezeretsa mutuwo. Dulani waya kusiya masentimita 15, mukulunge kuseri, nsonga yake muibaye mkati mwa nthambi kuti isakande chitseko. Ntchito yonse imatenga ola limodzi ndi theka kapena maola awiri ngati zipangizo zinakonzedwa kale.

Kukoka waya ndi chinthu chimene sitingatope kuchibwereza. Phesi lililonse limachepa likamauma. Chimene chikuoneka cholimba lero chidzakhala chokhwepa pakatha sabata. Mukamaliza, igwedezeni nkhata mwamphamvu. Chogwa panopa ndi chimene chikanagwa ndi mphepo.

Nanga zolemera monga ma cone ndi malalanje zimaikidwa liti? Guluu sangathandize?

Zimaikidwa pomaliza, chilichonse pa waya wakewake. Pa cone, lowetsani waya wa masentimita 25 pakati pa mamba apansi, muzungulize, potani miyendo iwiriyo pamodzi, ibayeni kudutsa nkhata n'kuipinda kuseri. Lalanje libooleni pafupi ndi khungu, osati pakati pofewa. Ma acorn amatuluka m'tizipewa tawo akauma, ndipo apa pokha ndi pamene kadontho ka guluu kamathandiza.

Guluu wamoto amamata msanga koma pa chinthu chachiwisi kapena chonyowa sagwira, ndipo kunja kukazizira amauma gwa n'kumatuka. Waya ndi wodalirika. Ikani zolemerazi m'timagulu ta zitatu m'malo mozimwaza mofanana ngati manambala a wotchi, ndipo zambiri zikhale chakumunsi kuti nkhata isamatembenuke pa mbedza.

Moss ndi floral foam n'zofunika?

Moss, ndere zofewa zomera pachinyontho, amathandiza ngati mukufuna nkhata ya masamba aawisi: mumamumanga pa mkombero wachitsulo ali wonyowa ndipo mapesi amamwa pamenepo. Pa nkhata ya zouma ndi mdani, chifukwa amaoletsa ngala ndi maluwa. Ngati mukumufuna, palani wa pa kapinga wa panyumba, musakasende m'nkhalango kapena m'madambo. Floral foam, chinkhupule chobiriwira chija, ndi pulasitiki imene imanyenyeka n'kulowa m'madzi, ndipo Royal Horticultural Society inailetsa pa zionetsero zake kuyambira 2021. Nkhata iyi siifuna.

Yachita chuku, yasuluka, mbalame zikuijompha. Chalakwika n'chiyani?

Chuku chimabwera chifukwa chomanga zinthu zonyowa, kapena chifukwa nkhata yamatirira pachitseko chimene mvula imamenya. Chotsani zimene zagwidwa, makamaka malalanje ndi zipatso zofewa, iumitseni m'nyumba masiku awiri, ndipo kuseri kwake mangani tizidutswa ta cork kuti mphepo izidutsa. Masamba a glycerin amakoka chinyezi, ndiye amayenera m'nyumba kapena pakhonde lofoleredwa bwino.

Kusuluka ndi dzuwa. Ku Britain chitseko choyang'ana kummwera ndicho chimawombedwa kwambiri, ndipo hydrangea ndi bracken zimayera msanga pamenepo. Nkhata yoikidwa pakati pa chitseko ndi galasi la khonde lotsekedwa imapsa ngati ili mu uvuni. M'nyumba isakhale pamwamba pa radiator yotenthetsera m'nyumba kapena pafupi ndi moto ndi makandulo, chifukwa zouma zotere zimayaka ngati udzu wa mu Okutobala kwathu.

Mbalame zikapeza rosehip ndi tirigu zidya ndithu. Ena amapopera hairspray kapena vanishi kuti zipatso ziwale ndi kuti ubweya wa old man's beard usauluke. Chitani zimenezi pa nkhata ya m'nyumba yokha, ya panja musaipopere chilichonse chimene mbalame ingameze. Sungani nthambi zina zapadera zodzalowetsa m'malo mwa zodyedwa.

Kamtolo kakakhwepa, musamasule nkhata yonse. Pindani waya wokhuthala ngati chipanero cha tsitsi, mubaye pa mapesi, mupote kuseri.

Ndiipachike bwanji popanda kuononga chitseko?

Zitseko za uPVC ndi za composite musakhome msomali, ndipo m'nyumba ya lendi kapena ya m'fulati musaboole konse, chifukwa chitseko cholowera m'fulati nthawi zambiri chimakhala chotchinga moto. Gulani mbedza yopyapyala yokoleka pamwamba pa chitseko, kapena matani mbedza yomata chozondotsa mkati mwa chitseko chakumwamba, mangani riboni pa nkhata, idutsitseni pamwamba n'kuikola pa mbedzayo. Pakati pa nkhata pakhale molingana ndi maso, osatseka kabowo kosuzumira kapena nambala ya nyumba. Pamalo a mphepo mangani kachingwe kena m'munsi kuti isamamenye chitseko.

Kodi ku Malawi, ku Chipata kapena ku Tete munthu angaipange ndi chiyani?

Angaipange bwino lomwe, ndipo nyengo yake ndi kuyambira masika, Epulo ndi Meyi, mpaka Ogasiti, pamene zonse zauma zokha ndipo chuku sichivuta. Amene anapotapo nkhata yosenzera mtsuko kapena kumanga mkombero wa lichero ali kale ndi luso lofunika. Mkombero upangidwe ndi nsungwi zong'alula, nthambi zanthete za mabulosi kapena mtolo wa udzu wokulungidwa ndi luzi. Pomangira pali luzi, mlaza ndi khonje. Zinyowetseni kaye, zikamauma zimamanga zolimba.

Makoko a chimanga ndi chuma chachikulu. Aviikeni m'madzi ofunda mphindi 10, ang'ambeni m'litali, apindeni pakati n'kumanga ngati timitolo. Onjezerani ngala za mapira, mawere, mchewere ndi mpunga, ngayaye, tsabola wofiira wouma, thonje la m'makoko ake, masamba ndi tizipatso ta bulugamu, makoko a jacaranda, makoko a m'bawa otseguka ngati nyenyezi, maluwa a bougainvillea oumitsidwa pamthunzi, ndi ma cone a paini opezeka ku Zomba, ku Dedza ndi ku Chikangawa. Malambe athunthu amalemera kwambiri. Masamba ofiira amene amatuluka m'nkhalango za miombo mu Ogasiti ndi Seputembala ndi anthete ongophuka kumene, amafota ola lomwelo.

Adani akwathu ndi anankafumbwe, makoswe ndi chiswe. Ngala ziyanikeni padzuwa lamphamvu masiku atatu, kapena zikulungeni m'jumbo n'kuziika mufiriza masiku anayi, ndipo nkhata isakhudze khoma ladothi. Potola chenjerani ndi chitedze, utomoni wa nkhadze umene umavulaza maso, njere za nsatsi, ndi tinjere tofiira towala ta kadontho kakuda timene ana amakonda kuseweretsa: tili ndi poizoni wakupha. Mkungudza wa pa Mulanje ndi mtengo wotetezedwa, ndipo m'malo monga Nyika National Park simuloledwa kuthyola kanthu.

Ndingatenge ngala ndi makoko kuchokera kumudzi kupita nazo ku Britain?

Musatero musanafufuze malamulo a boma la UK a nthawi imeneyo. Zomera, njere ndi nthambi zambiri zochokera kunja zimafuna chikalata chotsimikizira kuti zilibe matenda ndi tizilombo, ndipo zopanda chikalata zimalandidwa pabwalo la ndege. Makoko a chimanga mungawapeze komweko pogula chimanga chachiwisi mu Ogasiti ndi Seputembala n'kuwayanika nokha.

Ikhala nthawi yaitali bwanji, ndipo ikatha nditani nayo?

Ya zaziwisi yopachikidwa panja pokhala denga imaoneka bwino milungu itatu mpaka isanu ndi umodzi. Ya zouma zokhazokha yokhala m'nyumba imatha chaka kapena kuposa. Fumbi lichotseni ndi chowumitsira tsitsi chotchera pa mphepo yozizira. Poisunga iikeni m'katoni yokutidwa ndi pepala, osati m'pulasitiki, pamalo ouma. Kumapeto kwa Novembala mukhoza kudula waya, kutaya masamba pa kompositi, n'kuveka mkombero womwewo nthambi za fir ndi holly za Khirisimasi. Mkombero wa willow wosungidwa pouma umagwira ntchito zaka zingapo, ma cone nawonso chimodzimodzi. Waya yense muchotseni musanataye zotsalazo, chifukwa sawola ndipo amakola miyendo ya mbalame ndi akanungu am'munda.